Foni Isazime Mpaka Mchombo Ugwe

Lolemba
Mwana wanga Esinati wabereka wamkazi ku Ndirande. Akuti tsiku limene mchombo ugwe aimba foni, ine nditchule dzina azimayi onse akumva. Dzina ndili nalo kale: Elube, la malemu mkazi wanga. Sindikuuza munthu. Vuto n'loti kukomboni kuno magetsi timangowaonera patali, kufakitale. Foni ili ndi timizere titatu. Isazime basi!

Lachiwiri
Tatsala tiwiri, chonsecho ine sindinaigwire. Oigwira ndi awa: mayi a khomo linalo, akuti "ndingoflasha, agogo", adikoni, katochi kake posaka nkhuku, akapitawo, kuona nthawi, wotchi ili pamkono! Tsopano ndaiveka sokosi, ndaikwirira m'thumba la nandolo. Wofunsa ndikumuuza kuti yagona.

Lachitatu
Wapansi mpaka ku Luchenza, kwa wometa amene amatchaja ndi batire ya galimoto. Mafoni ali ndandanda ngati odwala pachipatala. Akuti, "Isiyeni madala, mudzatenge mawa." Mawa! Nanga mchombo ukagwa lero, ayankhe wometa? Foni yanga sigona kwa eni. Ndikubwerera nayo. Maondo atha, kamzere katsala kamodzi.

Lachinayi
Othyola tiyi akuti batire ukaiyanika padzuwa imabweza mphamvu. Ndaichotsa, ndaiika padenga. Chiperoni! Chifunga tsiku lonse, ngakhale mbuzi yanga sindikuiona. Masana ndiye ndikukumbuka kuti foni yochotsa batire silira. Ndaibwezera msangamsanga, nditaiumitsira m'khwapa.

Lachisanu
Kamzere kayamba kuphethira. Khuku, wophikira abwana manijala, wakana kunditchajira: "Adona amadziwa bowo lililonse la magetsi m'nyumba mwawo." Koma a Fulaide, oyendetsa thirakitala yonyamula masamba, ali ndi tiwaya tawo totchajira. Akuti, "Ulendo umodzi wa kufakitale, idzadza." Chabwino. Mawa ndikwera nawo, ndikhala pamatumba, khutu lili pafupi.

Loweruka
Akapitawo anditsitsa anthu akuona: "Ngoloyi ndi ya masamba, madala, inu sikelo ikulembani chiyani?" Thirakitala yanyamuka, foni ili pa waya. Ndaithamangira mpaka pamlatho, nsapato imodzi yatsala m'matope.
Madzulo a Fulaide afika, chipewa chili m'manja. Akuti, "Inalira tili pamtsetse. Anali a ku Ndirande, ndinawauza kuti inu mulibe. Iwo amvekere azimayi asonkhana kale, mayunitsi akutha, nanga madala anati ndani? Ine kumusiya mwana wopanda dzina sindikanatha. Ndangotchula la mayi anga, Dolofe. Nthungululu zake mukanamva!"
Ndakhala pansi pomwepo.

Lamulungu
Foni yadzadza, timizere tonse mbuu. Silira. Kutchalitchi anthu akupatsa moni a Fulaide, ati agogo ake a Dolofe, iwonso akuvomera. Ndafunsafunsa za mayi awowo. Akuti anali munthu wabwino, wodziwa kuthyola, kungoti pakamwa. Basi, mwana akula nalo dzinalo.
Ndadzera kumanda, ndamuuza Elube kuti dzina lake lidikire kaye, Esinati akadali wamng'ono. Akanakhalapo akanaseka mpaka kutsokomola.
Foni ndaizimitsa ndekha, ndaibwezera m'nandolo. Moto umenewu ndikusungira mdzukulu wachiwiri.