Kapikapu ka Malemu M'munda wa Fodya

Zomwe ndinataya tsiku limenelo: nyali imodzi yakutsogolo, nsapato yakumanzere, ndi ulemu wanga ku ofesi. Mkazi wanga ndinali nditamutaya kale dzinja lapitalo. Anandisiyira kapikapu kakale kamene ankanyamulira mtedza, ndipo tsiku limenelo kanatsala pang'ono kumutsatira.

Ndimagwira ntchito ku khonsolo. Malamulo a magalimoto okoka anzawo, aja timati bulekidauni, ndinataipa ndine: wokoka akhale ndi laisensi, akokere chitsulo osati chingwe, nyali zochenjeza ziyake, m'galimoto yokokedwa musakwere anthu ena. (Ndinawawerenganso mokweza pamsonkhano, nditavala tayi.)

Inali nyengo ya makuponi. Apongozi anga, mayi ake a malemu, anandipempha kuti tikatenge feteleza wawo ku Chamama. Pobwerera, kapikapu kanatsokomola n'kuzima. Bulekidauni yovomerezeka imakhala ku boma, kutali, ndipo kumwamba kunali kutada. Posakhalitsa inatulukira thirakitala ya pa esiteti.

"Bwana, tikukokeni?" anafunsa woyendetsa.

"Muli ndi chitsulo?"

"Cha chiyani? Chingwechi chinazula ng'ombe m'dambo, chikanike kagalimoto aka?"

Ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana matumba, ndinavomera. Apongozi anakana kukwera thirakitala, anakananso kukhala kutsogolo moyandikana ndi mkamwini. Anakakhala kumbuyo pamwamba pa feteleza, atafunda chitenje. (Malamulo anga anathera pomwepo.)

Tisananyamuke ndinachita zomwe ndimachita nthawi zonse injini ikazima: ndinazula makiyi n'kuika m'thumba la shati. Odziwa galimoto ayamba kale kuseka. Ukazula makiyi, chiwongolero chimadzikhoma chokha.

Misewu ya kuno ndi yowongoka, choncho sindinazindikire kanthu mpaka pokhota. Thirakitala inakhota bwinobwino. Ine kupota chiwongolero, chili gwa! Kuponda mabuleki, ngati ndikuponda mwala. Chingwe chinaduka, kapikapu kanatsetserekera m'munda wa fodya, kudumpha mizere umodziumodzi, mpaka kukagunda mzati wa chigafa.

Ndinatuluka, nsapato n'kutsalira m'matope. Apongozi anali pomwe paja, atakumbatira thumba.

"Amayi, mwavulala?"

"Ine ayi. Taonani kaye galimoto ya mwana wanga."

Ndinaizungulira kawiri. Nyali yokha basi. Ndinakhala pansi pakati pa fodya wa eni ake.

Mapeto ake ndinaimbirabe bulekidauni yovomerezeka ija. Dalaivala wake ndi bambo amene laisensi yawo inadutsa pa tebulo langa. Anatola chidutswa cha chingwe, anachikweza m'mwamba kuti matenanti amene anasonkhana aone.

"Bwana, chitsulo cha mtundu uwu chabwera liti? Ife simunatiuze pamsonkhano paja."

Anthu anaseka, apongozi nawonso, pakamwa ataphimba ndi chitenje. Kenaka bamboyo anasuzumira m'kati.

"Nanga makiyi?"

Ndinawatulutsa m'thumba.

"Aa! Munazuliranji?"

Ndinangowapatsa bamboyo makiyiwo. Feteleza anafika wouma, mvula inagwa titatsitsa. Nkhani ija inandiyambirira kufika ku ofesi, ndipo mpaka lero anzanga amandifunsa ngati ndili ndi chingwe choti abwereke. Sindikwiya. Kapikapu kali pakhomo, kakuyenda.

Koma makiyi ndimazulabe, ndipo sindikuona kuti ndidzasiya. Tsiku limene ndinathamangira naye kuchipatala, anamwino atamukhazika pa njinga ya odwala, mkazi wanga anatembenuka n'kundiyang'ana. Aka kanali komaliza kundiyankhula. Anati:

"Inu, musasiyenso makiyi m'galimotomo."