Mwala Sukanandichita Chipongwe

Mpaka lero ndikamadutsa mu Limbe pamakhala wina wokuwa kuti, "A Zamadzimadzi, bho?" Ndimangokweza dzanja, poti dzinalo ndinadziputira ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali pa maphunziro a uphunzitsi, ndipo anatitumiza kukayeserera ntchito pasukulu ina ku Kanjedza. Tsiku la tsokalo kunkabwera mayi wina wochokera kukoleji kudzandionerera ndikuphunzitsa. Kulephera pamaso pawo kunali kubwereza chaka chonse. Phunziro lake linali losavuta, la Fomu 1: kugawa zinthu m'magulu atatu, zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya.

Mkazi wanga atandiona ndikukulunga chibuma cha ayezi m'jumbo anati, "Bambo a Chisomo, bwanji osangotola mwala panjira?"

"Mwala aliyense angatole," ndinatero. "Ine ndikufuna aone kuti ndimaganiza." (Kuganiza kwakeko mukuona posachedwa.)

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo minibasi yochokera ku Limbe inakana kunyamuka isanadzaze. Jumbo ndinaiika pamiyendo, pamwamba pake mabuku, pamwamba pa mabuku chikwama cha amayi ena amene anati ndiwagwirireko. Kuzizira ndinkakumva ndithu, koma ndinkangoti bola, ena akuphika thukuta. Thalauza linali la khaki.

Ndinafika belu litalira kale, n'kulowa m'kalasi chothamanga. Mayi aja anali atakhala kumbuyo, cholembera m'manja. Nditatembenuka kuchoka pabolodi, ana onse maso anali pansi pa lamba wanga. Ndinayang'ananso inemwini. Mayo ine! Chigamba chonyowa, pamalo penipeni poti munthu sungafotokoze.

Kamtsikana kena kakutsogolo kanaimika mkono mwaulemu wonse. "Sala, zimenezo zili m'gulu liti?"

Kalasi inaphulika. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinaponya maso kwa mayi aja kuti mwina andipulumutsa, koma iwo anangoti, "Aphunzitsi, mwana wafunsa."

"Pochoka ku Limbe zinali zolimba," ndinatero.

Abale, apo ndiye ndinaonjeza moto. Mnyamata wina anagwa pabenchi. Msangamsanga ndinatulutsa jumbo ija n'kuwaonetsa kachidutswa ka ayezi kotsala, kochepa ngati switi, kenaka ndinakaima pakhomo pomwe pankawomba dzuwa. Ndinaphunzitsa ndili pomwepo, miyendo tang'a, ana akuonerera chigamba chikuchepa.

"Madzi aja akupita kuti?" ndinafunsa.

"Asanduka mpweya!" anayankha onse pamodzi, ngakhale aja ogona kumbuyo.

Pomaliza mayi aja anandiitanira pambali, akupukuta misozi. "Mwakhoza, achimwene. Ana awa sadzaiwala. Koma ulendo wina mudzagwiritse ntchito mbale, osati thalauza."

Kunyumba ndinangonena za kukhozako. Mkazi wanga anayang'ana thalauza, pomwe panatsala mkombero woyera. M'mawa mwake ndikuvala nsapato kuti ndizipita, ndinapeza wandiikira mwala pamwamba pa mabuku.