Mwana Amene Anamukhuthula Madzi

Mpaka lero, amayi ogulitsa nsomba pa msika akandiona amaika manja kumutu n'kuyamba kulira monamizira. Ndinaziyamba dala ndekha.

Mwana wanga woyamba, Chisomo, anali akadali wakhanda pamene thupi lake linatentha. Ndinathamanga naye ku kiliniki pamodzi ndi apongozi. Sisita, nesi wamkulu wa pamenepo, anamuloza pachipumi ndi kamakina konga mfuti. Ndinawagwira dzanja.

"Amake mwana, n'koyezera kutentha chabe aka," anatero. "Inunso mukunjenjemera. Pitani akakuyezeni malungo."

Ndinasiya mwana ndi apongozi pa benchi, ali m'chitenge chobiriwira cha maluwa (chija tonse tinagula kwa mayi mmodzi wa ku Zumbo, musaiwale pamenepa).

Pobwera, benchi lili mbee. Apongozi kulibe, mwana kulibe. Ndinasuzumira pawindo la chipinda china. Mayo ine! Patebulo pagona kamwana m'chitenge chobiriwira, kali zii. Atsikana ophunzira unesi akazungulira, wina akudina pachifuwa, wina akupopera mpweya kukamwa. Pambali aimika chifoni chachikulu, m'menemo muli bambo wa tayi akulankhula ali ku Lusaka.

"Mukuchedwa kupopa! Mwanayo wapita," anatero bamboyo. "Mudzayesenso mawa."

Wapita! Ndipo atsikanawo anaseka! Ndisanapume n'komwe, Sisita ananyamula kamwanako ndi mwendo umodzi, n'kutsegula pamutu, n'kuyamba kukhuthulira madzi m'ndowa. Mwana anaphwa ngati chubu cha njinga.

Ndinalira mfuu ya maliro, yeniyeni. Amayi onse a pamzere anandilandira (kwathu kuno umayamba walira, kufunsa n'pambuyo). Wa njinga wina anali atauyamba kale ulendo wa ku mtsinje wa Zambezi kukauza amuna anga pa bwato.

Ndinakankha chitseko n'kulanda mwanayo. Wozizira. Wopepuka. Nkhope ya labala.

"Amake mwana, n'chidole ichi!" anakuwa Sisita. "Amaphunzirirapo kudzutsa ana obadwa osapuma. Chitengecho n'changa!"

Bambo wa m'foni uja anasendera pafupi ndi galasi. "Sisita, ameneyonso ndi wophunzira wathu?"

Pamenepo apongozi anatulukira kuchokera kuseri, kumene anakatunga madzi akumwa. Anabwera akulira kuposa tonse, misozi mbwembwembwe, Chisomo ali kumbuyo akuyamwa chala.

"Apongozi," anandifunsa akusisima, "wamwalira ndani?"

Amuna anga anafika thukuta lili kamukamu, ukonde atausiya m'madzi. Sanandikalipire. Anayang'ana mwana, anayang'ana chidole chili m'manja mwanga, n'kufunsa kuti tipita ndi uti kunyumba.

Chisomo anali ndi chimfine chabe, anachira. Sisita anandiuza kuti ndiziyamba ndafunsa ndisanalire, ndipo ndinavomera. Koma mpaka pano, nesi akandibwezera mwana ku sikelo, ndimamutsina pang'ono pantchafu. Akalira, ndiye wanga.