Che Difu Anafika Kwawo Chafutambuyo

Kwa Mponda kunalibe munthu wodana ndi liwiro ngati a Basil, amene aliyense ankangowatcha Che Difu. Amakaniko anzawo ankamasula magalimoto kuti azithamanga, koma iwo ankamasula yawo kuti iziyenda pang'onopang'ono kuposa dzulo. Inali kombi yotuwa ya injini kumbuyo, imene anaigula ili pamiyala ku Makokola. Akazi awo, a Enid, ankati bola mitala yeniyeni, chifukwa mkazi mnzako sadontha oyilo pakhonde lako lozirazira.

Ukangowapatsa moni, basi wapalamula phunziro. Ankatola kamtengo n'kujambula pansi magudumu awiri a mano amene amakhala kumapeto kwa giyabokosi, pamalo pamene amakaniko amati difu. Kakang'ono kamazunguza lalikulu, lalikulu n'kuzunguza matayala. Lalikululo likakhala ndi mano ochepa, galimoto imathamanga koma ikaona mchenga imagwada. Likakhala ndi mano ambiri, liwiro limatha koma mphamvu zimabwera ngati za ng'ombe yapangolo. A Basil ankasakasaka la mano ambiri pamodzi ndi kanzake, ndipo akalipeza ankayambanso kusaka loposa pamenepo.

Zotsatira zake tauni yonse inaziona. Jaffalie wogulitsa nsomba panjinga ankaipeza kombi panjira, n'kupereka moni, n'kufunsa za ana ndi za kumunda, n'kumva mayankho onse, kenaka n'kupepesa kuti adutseko. Anyamata a chipani ofunsa makadi sankavutika n'kuiimitsa. Ankangoyenda m'mbali mwake, kuona khadi la aliyense, n'kutsanzika galimoto ikuyendabe. Tsiku lina a Basil anaitana mayi Alima, amene anasenza mtolo wa nkhuni, kuti akwere.

"Zikomo, Che Difu," anatero mayiwo, "koma lero ndafulumira."

Anthu ankaseka, koma a Enid ankadziwa pamene panagona nkhani. Kwawo kwa amuna awo kunali kuseri kwa Makanjira, mudzi wa Akhristu asodzi kumene msewu umafera mumchenga, ndipo galimoto inali isanapondeko chilengedwere. Pamene a Basil ankachoka ali mnyamata, atakana za makoka, atsibweni awo a Simioni anawaseka kuti wapita wapansi ndipo adzabwera wapansi, mapazi atang'aluka. A Basil analumbira pamaso pa mayi awo, a Ruti, kuti sadzapondanso pamudzipo pokhapokha atabwera pagalimoto yawoyawo mpaka pakhomo. Linali lumbiro lachibwana, koma linakula nawo limodzi mpaka kumera imvi. Chilimwe chilichonse ankayesa, kombi inkatitimira, iwo n'kuikumba n'kubwerera, migwalangwa ya kwawo akuionera patali. Uku a Ruti ankakalamba ndipo maso anali atachita khungu. A Enid ankapita okha paboti kukawaona, ndipo zinkawawawa kwambiri kuyankha funso limodzimodzi lija, lakuti mwana wanga mwamusiyanso kuti.

Ndiye kunabwera uthenga ndi anthu a boti la nsomba kuti a Ruti adwala ndipo asiya kudya. Uthengawo unapeza giyabokosi ili zidutswazidutswa pamphasa, pambali pake pali gudumu latsopano limene a Basil anakalifukula kumabwinja a magalimoto ku Limbe, la mano osawerengeka.

"Bambo a Keti," anatero a Enid, "lumbiro silinakuyamwitseni. Boti likubwerera mawa m'mawa."

A Basil anayankha kuti akafika wapansi a Simioni adzaseka mpaka kumanda, ndipo anapempha kuti awapatse tsiku lomwelo basi. A Enid anapsa mtima, koma analisiya boti lipite. Apa m'pamene munthu uja, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anagwira ntchito mofulumira. Pagalimoto yamtunduwu gudumu lalikulu lija limalowa bwinobwino mbali iliyonse ya kakang'ono, koma ukaliika mbali yolakwika matayala amazungulira mobwerera. Chinthuchi a Basil ankachiphunzitsa ena. Changu ndicho chinawapusitsa.

M'mawa anakwera, analiza injini, anaika giya yoyamba. Kombi inabwerera m'mbuyo mwaulemu n'kukagwetsa thandala la usipa la aneba. Anaika yachiwiri, inabwereranso, mwamphamvuko. Magiya onse opita kutsogolo anali atasanduka a m'mbuyo, ndipo yopita kutsogolo inangotsala livesi yokha, imene nkhuku inkaipitirira ikudya. A Basil anatsika thukuta lili kamukamu, n'kuuza anthu amene anasonkhana kuti akungoyesa kaye. Koma boti linali litapita ndipo kumasulanso kukanatenga masiku amene a Ruti analibe.

A Enid sanakalipe. Anamanga chitenje, anaponya kathumba ka ufa m'kati, anakwera n'kukakhala pampando wakumbuyo kwenikweni, nkhope itayang'ana pagalasi lakumbuyo.

"Maso anu ndikhala ine. Tiyeni."

Ulendo umenewo anthu a m'mbali mwa nyanja akuukambabe. Wapolisi wa pamlatho wa Shire anaima kukamwa kuli yasa, osadziwa ngati galimotoyo ikuchoka kapena ikubwera. Ku Malindi anthu ankabayibitsa mbali yolakwika. A Enid ankangoti kumanja, kumanzere, mbuzi, dzenje, ndipo anadzanena pambuyo pake kuti m'banja lawo lonse tsiku limeneli ndi lokhalo limene amuna awo anamvera mawu awo onse. A Basil khosi linali litapindika ngati la kakowa.

Atafika pamchenga uja, pamene ankagonjera chaka ndi chaka, a Enid anaganiza kuti atitimiranso. Koma mano ambiri aja anagwira ntchito yake. Kombi sinathamange ndipo sinaime. Inkangotafuna mchenga pang'onopang'ono, ana a m'mudzi akuitsogolera wapansi, mpaka inakaima pakhomo pa a Ruti, msana ndiwo uli patsogolo.

A Simioni anabwera ndi ndodo yawo, anaizungulira, n'kukakhala pansi, kuseka kuja kutawathera. A Ruti anatuluka atagwiriziridwa ndi a Enid. Anapapasa chitsulo chotenthacho, kenaka anapapasa nkhope ya mwana wawo, amene anali atagwada mumchenga akulira poyera.

"Ndiye chinandilanda mwana ndi chimenechi?" anafunsa. Atamva kuti chabwera chafutambuyo anati, "Chitembenuzeni. Chayang'ana kumene chachokera, chingamutengenso."

Mudzi wonse unaikankha mpaka inayang'ana kunyumba. Tsiku lomwelo a Ruti anamwa phala m'manja mwa mwana wawo, ndipo anakhalabe ndi moyo mpaka mvula yotsatira. A Basil gudumu lija anadzalitembenuza, koma khosi silinawongokenso. Mpaka ukalamba ankacheza nawe akuyang'ana paphewa.

A Basil atamwalira, kombi yomweyo ndiyo inawatengera kwawo. Pofika pamchenga, mkamwini wawo anaika giya yoyamba n'kuchotsa phazi, ndipo galimoto inayenda yokha mofanana ndi mapazi a amayi oimba nyimbo za maliro. Panalibe woithamangira, panalibenso woidikira. A Enid anatsika n'kuyenda m'mbali mwake, dzanja lili pachitseko, ndipo anati m'pamene anamvetsa kuti amuna awo anapanga galimoto yosasiya munthu m'mbuyo.

Masiku ano kwa Mponda magalimoto amangodutsa fumbi lili koboo, moni wako n'kugwera pamsewu. Jaffalie amati njinga yake inasiya kukoma, chifukwa palibenso woti amupitirire. A Enid amazirabe khonde lawo ndi dothi lakuda monga kale. Koma pakona pali banga la oyilo, lomwe lija ankalidandaula zaka zonse, ndipo akafika pamenepo amalizungulira.