Mimba Yanga pa Khoma la Tchalitchi

Nkhani iyi ndimaifotokoza nditazolika, koma poti ku Pembamoyo konse akuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wake.

Ndimaphunzitsa kompyuta kusukulu, ndipo nthawi imeneyo ndinali pachikamwini. Mtima wanga wonse unali pakuti apongozi, mayi ake a mkazi wanga Tisa, andilole kumutenga tikakhale ku boma. Iwo ankangoti tiona. Ndiye atatumiza mawu kudzera mwa Tisa kuti amayi a kutchalitchi akufuna mawu a nyimbo azioneka pakhoma pamsonkhano wawo, ndinadziguguda pachifuwa kuti imeneyo ndi ntchito ya ana.

Python, njira yolembera mapulogalamu a kompyuta, ndinkaidziwa ndithu, koma ya zilembo zokhazokha: ulemba malamulo, kompyuta iwatsatira kuchokera pamwamba mpaka pansi, basi yatha. Kupanga windo lenileni la pakompyuta, la mabatani, loonetsera nyimbozo inali nkhani ina. Langa linkangoti phethi, n'kuzimiririka. Sindinkadziwa kuti windo umachita kuliuza kuti lidikire mpaka munthu adine kanthu. Mwa nzeru zanga zauphunzitsi ndinalemba lamulo lakuti likatsekedwa, litsegukenso lokha. Poyesera ndinaikamo chithunzi chomwe chinali pafupi, chimene Tisa anandijambula ndili mtulo pamphasa nditakhuta mtedza, wopanda malaya, kukamwa kuli yasa.

Njira yoyenera ndinaipeza pambuyo pake, nyimbo n'kulowa bwinobwino. Koma lamulo lija ndi chithunzi chake ndinaiwala kufufuta.

Tsiku la msonkhano m'tchalitchi munadzaza, apongozi ali kutsogolo ndi duku lawo loyera. Nyimbo yoyamba inayenda bwino moti mapewa anga anayamba kukwera. Itatha, ndinadina ka X kuti nditseke.

Mimba yanga inatulukira pakhoma, yaikulu ngati nkhokwe.

Ndinatseka, inabweranso. Ndinatsekanso, ndi iyo! Ndinazula chingwe cha laputopu, kuiwala kuti ili ndi batire. Nzeru zitandithera ndinakaima kutsogolo kwa pulojekita, makina oonetsera pakhoma, kuti nditchinge, chithunzi n'kugwera pa shati yanga yoyera. Mimba pamwamba pa mimba inzake.

"A Ticha, imeneyi ndi nambala chani m'buku la nyimbo?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Ndi netiweki, mayi," ndinayankha, thukuta lili kamukamu.

"Netiwekiyo imadya bwino!"

Kwathu mkamwini sadutsa n'komwe pamaso pa apongozi atavula malaya. Ine ndinawavulira pakhoma la tchalitchi, amayi a mudzi wonse akuona. Manyazi anandigwira. Apongozi anali atafunda chitenje kumaso, koma mapewa awo ankagwedera.

Titafika kunyumba apongozi anaitana Tisa, ine ndili kuseri kwa khola ndikumvetsera.

"Uwauze amuna akowo akutenge, muzipita ku boma," anatero. "Ife kuno tawaona mokwanira."

Chomwe waika m'kompyuta pongoyesera, dziwa kuti woyamba kuchiona adzakhala apongozi.