Duwa la Dzungu la a Nangozo

Lolemba
Phukusi lochokera kwa mwana wanga wa ku Lilongwe lafika pa Kandeu: kachitini ka penti wamitundumitundu wosungunula ndi madzi, maburashi awiri, mapepala okhuthala asanu. Asanu okha! Lamulungu likudzali ine ndi akazi anga, a Nangozo, tikwanitsa zaka makumi anayi tili m'banja. Sindinawapatsepo chinthu chopanga ndekha. Amati manja angawa amadziwa choko basi. Ndiwajambulira duwa, asadziwe.

Lachiwiri
Ndasankha duwa la dzungu kuseri kwa khitchini. Abale, kukongola! Chikasu chake chowala, m'kati muli timizere, njuchi ikutuluka itadzola ufa mpaka kumaso. Ndakhala ndikulidutsa moyo wanga wonse. Ndikusakaniza penti mwaulemu, ola lathunthu. Podzutsa mutu, duwa latseka. Ndajambula lotsekalo, madzi achuluka. Papepala pali chithaphwi.

Lachitatu
Ndalawirira. Maluwa okongola kulibe! Onse ali m'lichero la a Nangozo. "Lero ndi chiluwe chotendera, aphunzitsi." Ndikuwayang'ana akuthyola otsala: dzanja silikayika, akutenga aamuna okha, okhala ndi kadzungu kumbuyo akuwasiya, ndipo aamuna angapo akusiyira njuchi. Ine ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma, koma izi sindinkazidziwa. Mayi ameneyu ndi katswiri. Masana ndadya zimene ndimafuna kujambula. Ndawonjezera kawiri.

Lachinayi
Dzulo madzulo ndinamanga kansanza kofiira pa duwa losatsegula kuti lisathyoledwe. Lero a Gama, oyandikana nafe, aima pampanda. "Mkulu wa mpingo wathunthu kutchera mankhwala a chambu m'maungu?" Ndamasula msanga. Ndajambula mothamanga chifukwa cha manyazi. Mapepala awiri apita: lina ngati dzira lokazinga, lina ngati ambulera yothyoka.

Lachisanu
Lero zatheka! Duwa lenileni, ngakhale njuchi yatera papepala. Ndaliyanika pamwala, ndalowa kukasaka magalasi kuti ndilione bwino. Mvula ya kuno sipempha odi. A Nangozo aanula zovala, nyemba, mphasa, zonse m'kuphethira kumodzi. "Kapepala konyowa kaja ndayatsira moto, koma kanavuta kuyaka."

Loweruka
Zotsala:
pepala limodzi,
chikasu chongokwanira kudzoza chala,
burashi imodzi, inayo yathothoka.
Maluwa apita ku chiluwe kachiwiri. Ndadzitsekera kuchipinda, ndikujambula za m'mutu. Chikasu chatha pakati, ndathira wofiira. Phesi lakhota. Ndawonjezera tsamba kuti libise, tsambalo latambalala. Ndikuopa kuyang'ana.

Lamulungu
Tabwera kutchalitchi. Ndawapatsa pepala lija. Apukuta manja m'chitenje, alandira ndi manja awiri, atembenuza pepala chammbali. Kenako misozi.

"Bambo, mpaka lero mukuikumbukira? Nkhuku yofiira ija anatipatsa malemu amayi titangokwatirana! Ndi khosi lake lomwe!"

Nkhukuyo sindikuikumbuka ngakhale nthenga imodzi. Ndatsegula pakamwa kuti ndikonze, monga mphunzitsi. Ndaona mmene agwirira pepalalo, ndatseka. Aliika m'Baibulo lawo, ndipo aitana kale a Gama kuti adzaone.

Chabwino. Ndi nkhuku.