Ba Twaha Obweza Zotaya a ku Kanyama

Ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, masiku amene Ba Twaha anali moyo, chinthu sichinkatayika ndi kutaya kumodzi. Unkataya m'mawa, dzuwa likupendeka nkumva wilibala ikulira kumbuyo kwa nyumba, kenaka odi. Potsegula chitseko unkapeza mkulu wamtali, wowonda ngati mzati wa magetsi, kachisoti koyera kumutu, atanyamula chinthu chako chija chokonzedwa bwino, chikuwala kuposa tsiku limene unachigula. Sankapempha kanthu. Ankangofuna kuti uchilandire, ndipo ankakuuza mokweza kuti mzere wonse wa nyumba umve: "Mwaiwala katundu wanu kudzala!"

Sanabadwe otero ayi. Anali mmisiri wa malata, ntchito imene bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Mangochi pamodzi ndi nyundo ndi lumo. Mbaula, ndowa ndi mapoto a theka la Kanyama zinadutsa m'manja mwawo. Kenaka zinafika zaka zija zogulitsa makampani, malire atatseguka, zovala zakale za salaula ndi mabeseni apulasitiki zitadzaza m'misewu ya m'tauni. Anthu anasiya kukonzetsa zinthu. Poto akabooka, kudzala. Ba Twaha anakhala pamthunzi kudikira ntchito, ntchito osabwera, mpaka tsiku lina anadzuka nkunena kuti ngati ntchito ikuchita manyazi kubwera, iwo aitsatira komwe ikubisala.

Vuto linali loti munthu sataya zinthu zakutha zokha. Amatayanso zimene sakufuna kuti anzake aone.

Woyamba kulawa anali Ba Enos, mkulu wa mpingo, amene pa guwa ankautcha mowa mkodzo wa Satana. Lachinayi lina azimayi a mpingo atasonkhana pakhomo pawo, nyimbo ili pakati, wilibala inaima pageti.

"Odi, Ba Enos! Mabotolo anu aja."

"Mabotolo? Ine siniziba va mabotolo, ba mudala."

"Ndi anu ndithu. Anali m'thumba la ufa pamodzi ndi sokosi yofiira. Sokosiyo ndasokanso, nayi."

Azimayi onse anatembenukira kuchingwe cha zovala, kumene inzake ya sokosiyo inali kuuma mwamtendere. Ba Twaha anayamba kundandalika pakhonde timabotolo ta kachasu, kalikonse kataikidwa chotsekera cha lata ndi chingwe cha nyali.

"Ndapanga makoloboyi. Inu a mpingo paja mumati muziwala."

Akazi a Ba Enos anaimirira pang'onopang'ono. "Ni aya chabe, ba Twaha?"

"Ena abwera mawa, mayi. Wilibala inadzaza."

Ba Philomena, ogulitsa kapenta pamsika, nawo anaona zakuda. Apongozi awo anawapatsa wotchi yapakhoma ya chithunzi cha tambala, yonyansa moti ngakhale ana ankaiopa. Iwo anaitaya, nkutumiza uthenga kwa apongoziwo ku Petauke kuti akawalala aba. Tsiku limene apongoziwo anafika kudzacheza, tiyi asanazizire, wotchi inalowa pakhomo ikugunda, itakulungidwa m'chitenje chakale cha Ba Philomena eni ake. Gogoyo anayang'ana wotchi, nkuyang'ana chitenje, nkunena motsitsa mawu kuti akuba a ku Lusaka ndi aulemu kwambiri, amakulunga bwino katundu asanamutaye.

Anthu anayamba kuyenda mitunda ndi zinyalala zawo. Ena ankakwera nazo minibasi kukataya kukomboni ya George. Amati munthu wina anakataya wailesi yakufa ku Chibolya, kumene apolisi amalowa atagwirana manja, koma inabwera pawilibala ikuwerenga nkhani za masana.

Amene anasenza manyazi a zonsezi anali mtsikana Firdaus, mwana mmodzi yekha wa Ba Twaha, amene anakula ndi bambo ake okha mayi atamwalira. Kusukulu ankamutcha Mwaiwala. Akamva wilibala kutsogolo, ankakhotera m'kanjira kena ngakhale muli matope ofika m'mawondo. Mnzake sankabwera naye kunyumba, chifukwa zinthu zimene eni ake anazikana kwamtuwagalu zinkaunjikana pabwalo: mafelemu a njinga, zitseko za mafiriji, maambulera opanda nsalu, mulu wotalika kuposa denga.

Ndiye khonsolo inalengeza dongosolo latsopano. Mzinda unagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse nkupatsidwa kampani yotola zinyalala. Ku Kanyama kunabwera kampani ya Sesani Bwino, ya bwana wina wamimba yake dzina lake Kapambwe, ndi lole yonyamula zimigolo zazikulu zachitsulo zimene ankazitcha masikipu. Firdaus, amene anali atamaliza sukulu nkukhala pakhomo, analembedwa ntchito yoyenda nyumba ndi nyumba kuphunzitsa anthu kupatula mapulasitiki, mabotolo ndi zitini, kuti zikapangidwenso zinthu zina.

Ba Twaha atamva anavina pabwalo, nyundo ili m'manja.

"Ndiye kuti walowa ntchito yanga, mwana wanga! Boma landitsatira!"

"Si vimozi, ababa."

"Zikusiyana pati? Inu mutola, ine nditola."

"Ise tili na yunifomu."

Ba Twaha anaiyang'ana yunifomu yobiriwirayo, nkuona kuti batani limodzi likugwedera, nkupita kukafuna singano.

Tsiku lotsegulira skipu yoyamba, pafupi ndi msika panamangidwa tenti. Kunabwera khansala, atolankhani, gulu la ng'oma ndi mlendo wolemekezeka wa suti yoyera. Firdaus anali atawapempha bambo ake m'mawa kuti tsiku limenelo lokha apume. Iwo anavomera, ndipo anapumadi mpaka pamene anamva kuti pamwambopo patayidwa chinthu.

Paja mwambo unafuna kuti mlendo aponye chinyalala choyamba. Anamupatsa ndowa yakale yobooka pansi, iye nkuiponya m'skipu, anthu nkuwomba m'manja, azimayi nthungululu. Ba Kapambwe anagwira chimkuzamawu nkuyamba kufotokoza za Kanyama wamakono. Kuti anthu aone mphamvu ya makina, dalaivala anakoka chitsulo, unyolo unalira, skipu nkuyamba kukwera m'mwamba.

Ili m'malere choncho, munatuluka kachisoti koyera. Kenaka ndowa.

"Ndowa iyi ndi ya ndani? Yangobooka pang'ono pokha!"

Ng'oma zinasiya. Dalaivala anadzidzimuka nkusiya skipu ikulendewera, Ba Twaha akugwedezeka m'menemo ngati mwana pamsana. Kanyama yense anagwa nacho chiseko, mpaka Ba Enos, amene anali asanasekepo chiyambire nkhani ya makoloboyi. Atatsitsa skipu, mkuluyo analephera kutuluka, chifukwa kulowa analowa pokwera pa wilibala, ndipo wina anali ataisuntha.

Ba Kapambwe, thukuta lili kamukamu, anatembenukira kwa Firdaus amene anaima pafupi ndi skipu atanyamula lumo lodulira riboni. Anaiwala kuti chimkuzamawu chili pakamwa.

"Iwe ndiwe wa kuno. Nindani uyu mudala?"

Firdaus anaona makamera, anaona suti yoyera, anaona anzake a yunifomu akubisa nkhope.

"Sinibaziba, bwana. Ni mudala chabe wa mu komboni."

Mawuwo anatuluka m'zokuzira mawu zonse ziwiri, nkukamveka mpaka kumsika. Chiseko chinazima ngati wathira madzi pambaula. Panalibe munthu pamenepo wosadziwa kuti Firdaus ndi mwana wa yani. Ba Twaha anamuyang'ana kanthawi, nkuika ndowa pansi, nkutambasula dzanja.

"Mayi, pepani, ndithandizeni kutsika. Ndakalamba."

Anawagwira dzanja. Linali lokhakhala, lodzaza zipsera za malata, dzanja lomwe linkamuluka tsitsi ali wamng'ono chifukwa panalibe wina womuluka. Atatsika anathokoza mwaulemu ngati kwa mlendo, nkukankha wilibala yawo kupita kwawo. Ndowa ija anaisiya. Aka kanali koyamba Kanyama kuwaona akusiya chinthu.

Kunyumba sanaitchule nkhaniyo. Ankamupatsa moni, ankadya naye, ankamufunsa za kuntchito. Firdaus ankalakalaka atamukalipira, koma iwo ayi. Pamsika azimayi ankamugulitsa tomato osamuyang'ana kumaso.

Mvula itayamba, kolera inalowa m'makomboni, ndipo kampani inauzidwa kuchotsa milu yonse yosunga madzi ndi ntchentche. Mulu waukulu m'chigawo chonse unkadziwika. Ba Kapambwe, amene tsopano anali atadziwa kuti mudala uja ndi ndani, anamuitana Firdaus nkumufunsa tsiku limene pakhomopo pamakhala popanda munthu. Mlandu wake unali woona, mulu uja unalidi ndi udzudzu ndi makoswe onenepa ngati amphaka. Komabe pamene Firdaus ankayankha kuti Lachisanu masana bambo ake amakhala ali kumzikiti, anamva ngati wawakananso kachiwiri.

Lole inabwera, anyamata a mafosholo nkukokolola zonse. Ba Twaha pobwera ku mapemphero anaima pageti nthawi yaitali. Anthu anasuzumira m'mawindo kudikira mkuntho.

"Kani pakhomo pano pali mtengo wa mapeyala?" anatero potsiriza. "Ndimayesa unauma kale."

Anatenga mpando nkukhala pansi pa mtengowo. Wilibala anaigadabuza pambali pa nyumba, ndipo sinalirenso.

Masabata oyamba Kanyama anapuma. Anthu ankataya poyera, masanasana, osakulunga. Koma posakhalitsa anayamba kudutsa pageti paja mwakachetechete, kupereka moni wautali kuposa kale, mkuluyo akungogwedeza mutu, manja ali pamaondo. Manja amenewo ndi amene ankamusowetsa mtendere Firdaus. Tsiku lina anatenga ketulo yawo yabwinobwino, nkupita nayo kuseri, nkuthyola chogwirira ndi mwala.

"Ababa, ketulo yathyoka."

Anaitembenuza uku ndi uku, nkuyendetsa chala pothyokapo.

"Yathyoka yokha?"

"Yagwa."

"Yagwa, mwala nkuitsatira, nkuimenya kawiri." Anamuyang'ana, m'maso muli kachiseko kakang'ono. "Kunama sudziwa, iwe. Ngakhale tsiku lija palibe anakukhulupirira."

Firdaus anakhala pansi pafumbi, yunifomu ili m'thupi, nkulira monga sanalire chimwalirire mayi ake. Anayamba kufunafuna mawu opepesa amene anawakonza miyezi yonseyo. Bambo ake sanadikire kuti atuluke. Anangoti, "Kanditengere nyundo, ili pansi pa bedi," ndipo madzulo amenewo anthu anamvanso kugogoda kwa lata, nkutuluka m'nyumba kudzaima pamsewu ngati kwabwera gulu la nyimbo.

Ba Twaha sanabwererenso kudzala. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira, ndipo m'mawa wina sanadzuke. Anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, mwachangu moti ambiri anamva maliro atapita kale. Komabe madzulo pabwalo panadzaza, Asilamu ndi Akhristu, ndipo nkhani zimene anthu anazibisa zaka zambiri anayamba kuzifotokoza okha, aliyense ya iye mwini, akuseka nkumapukuta m'maso. Firdaus anakhala m'nyumba ndi azimayi akumva zonsezo, osatha kukweza mutu anthu akamati, "Ndiwe mwana wa Ba Twaha, limba mtima."

Sesani Bwino inakhalapo zaka zingapo. Lole yake inayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka inangosiya, skipu nkusanduka phiri limene mbuzi zinkakwera. Patapita nthawi kunabwera gulu la anthu a m'komboni momwemo lotola ndi ngolo, ndipo Firdaus analowa m'menemo. Masiku ano kuli anyamata ogula mabotolo apulasitiki ndi zitsulo pa sikelo, ndipo palibe amawaseka. Munthu amataya chimene wafuna, palibe womufunsa, palibenso amene amadziwa kuti mnzake wasiya kumwa tiyi wamkaka kapena kuti ukwati wa uje ukugwedera. Kanyama anakhala ndi ulemu wambiri, nkukhalanso chete.

Koma Kanyama ndi pathanthwe, madzi salowa pansi. Mvula ikagwa yamphamvu ngalande zimatsekeka, madzi nkudzaza m'tinjira, ndipo zonse zimene anthu anataya zimayandama nkulowa m'mageti. Dzinja lapitali Firdaus anaima pakhomo, madzi ali m'akakolo, akukankha ndi tsache beseni long'ambika limene linkaumirira kulowa m'nyumba. Kutsidya kwa kanjira Ba Philomena, atakalamba tsopano, ankalimbana ndi nsapato imodzi ndi chigubu chophwanyika.

"Vabwela futi, mwana wanga," anafuula.

Firdaus analiyang'ana beseni lija likuzungulira pamadzi.

"Vabwela, amama. Koma vosakonza."